Kujambula ndi kukonza kanema womveka bwino: malangizo kwa ojambula miyambo ku Dedza

Ku Dedza kuno masiku ano palibe ukwati, chinkhoswe kapena chikondwerero cha makwaya chimene chimatha popanda wina kukweza foni m'mwamba n'kumajambula, ndipo achinyamata ena, kuyambira pa boma mpaka ku Lobi, Linthipe ndi Mtakataka, ayamba kale kupeza ndalama ndi ntchito imeneyi. Chondidandaulitsa n'chakuti makanema ambiri amene timatumizirana amaoneka bwino ndithu koma samveka: akwati akulumbira, chomveka ndi mphepo, abusa akulalikira, chomveka ndi jenereta. Munthu amapirira chithunzi chakuda pang'ono kapena chogwedera, koma mawu akakhala osokosera amatseka kanemayo mphindi imodzi isanathe. N'chifukwa chake malangizowa akhalitsa kwambiri pa mawu, ndipo akuyambira kunyumba tsiku la mwambo lisanafike, pakuti pulogalamu yokonzera kanema imangokongoletsa zimene mwabwera nazo ndipo siingalenge zimene simunajambule.

Zokonzekera mwambo usanafike

Yambani ndi kutchera kamera kapena foni yanu. Sankhani kukula kwa chithunzi kwa 1080p, ndiye kuti timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Foni yanu ikhoza kukhala ndi 4K, koma 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi, imadzaza foni msanga, imaitenthetsa, ndipo laputopu wamba imalephera kuiseweretsa pokonza. Kenaka sankhani zithunzi 25 pa sekondi. Chifukwa chake n'chakuti magetsi a m'Malawi amayenda pa 50 Hz, ndiye kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mababu ena, makamaka machubu aatali ndi a LED otsika mtengo, amaphethira motsatira liwiro limenelo ngakhale diso lathu silikuona. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30, zoyenerera mayiko a magetsi a 60 Hz monga America, choncho mukajambula nawo m'holo kapena m'tchalitchi mababu ali chiyakire, pa kanemayo pamatha kuoneka mizere yakuda yoyenda. Pa iPhone, zithunzi 25 zimapezeka mukayatsa Show PAL Formats mu Settings, pansi pa Camera ndi Record Video. Pa Android, ngati pulogalamu ya kamera imene inabwera ndi foni ilibe mwayi umenewu, yesani Open Camera, yomwe ndi yaulere pa Play Store. Ngati kamera yanu imakulolani kusankha liwiro la shutter, lomwe ndi nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse, liikeni pa 1/50 kapena 1/100. Chachikulu n'chakuti makamera onse amene adzajambule mwambo umodzi atcheredwe mofanana.

Chachiwiri, werengerani malo osungira. Mafoni ambiri akamajambula 1080p amadya pafupifupi 120 MB pa mphindi, ndiye kuti ola limodzi lifuna 7 GB kapena kuposerapo. Popeza mafoni amasiyana, jambulani mphindi imodzi yoyesera, onani kukula kwa fayiloyo, ndipo chulukitsani ndi kutalika kwa mwambowo, mukukumbukira kuti ukwati woyamba m'mawa kutchalitchi umatha dzuwa litapendeka ku madyerero. Memori khadi yoyenera kanema ikhale ndi chizindikiro cha U3 kapena V30, kusonyeza kuti imalemba 30 MB pa sekondi mosadukiza. Makhadi achinyengo alipo ambiri, olembedwa 64 GB pamene mkati mwake muli malo ochepa, ndipo njira yowadziwira ndi kudzaza khadiyo ndi mafayilo mpaka pakamwa musanapite nayo ku ntchito, kenaka n'kutsegula mafayilo oyamba ndi omaliza kuti muone ngati onse akusewera.

Tchajani mabatire onse ndi pawabanki usiku womwewo. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuno kumazizira mpaka zala kuuma, batire limatha msanga kuposa masiku onse, choncho lapadera lisungeni m'thumba la mkati mwa jekete kuti lizimva kutentha kwa thupi. Pojambula, foni ikhale pa Flight Mode, kuopa kuti wina angakuimbireni pakati pa malumbiro, ndipo galasi la kamera mulipukute ndi kansalu kofewa nthawi iliyonse mukaitulutsa m'thumba.

Chomaliza pa zokonzekera, koma chosayenera kudumphidwa, ndi kukaonana ndi eni mwambo. Pemphani ndondomeko ya zochitika, funsani amene adzalankhule ndi pamene adzaimirire, ndipo mumve kwa abusa kapena ansembe malo amene wojambula saloledwa kupondapo. Pa miyambo ya makolo nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse, koma izi sizitanthauza kuti aliyense angathe kuloza kamera paliponse: chilolezo chimachokera kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambowo, mumajambula za pabwalo zokha, ndipo za kudambwe si zanu. Chimodzimodzinso pa maliro, pa zinamwali, ndi paliponse pamene pali ana, funsani kaye.

Kutola mawu

Lamulo loposa onse pa mawu ndi mtunda. Mukachepetsa ndi theka mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, mawu a wolankhulayo amakwera ndi pafupifupi 6 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu) pamene phokoso la pamalopo limakhala chimodzimodzi. N'chifukwa chake maikolofoni yotsika mtengo yokhala pachifuwa pa wolankhula imaposa kutali ya mtengo wapatali imene ili mamita asanu kumbuyo kwa tchalitchi. Maikolofoni ya mkati mwa foni imatola chilichonse chimene chili pafupi nayo, ndipo chimene chili pafupi nayo kwambiri ndi inuyo, kupuma kwanu ndi zala zanu.

Gulani kamaikolofoni kopanikiza pa kolala, ndipo mukapanikize pafupifupi masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano, pamalo pamene tayi, mkanda kapena mpango sizikakhudza. Pogula yang'anitsitsani pulagi yake: yolowa pa foni imakhala ndi timizere takuda titatu, pamene yolowa pa kamera imakhala ndi tiwiri, ndipo mukazisemphanitsa foni imangopitiriza kujambula ndi maikolofoni yake ya mkati inu osadziwa. Yesani pogogoda pang'ono pa kamaikolofoniko n'kumvera zimene zajambulika. Ngati mulibe maikolofoni yopanda chingwe, musadandaule, pakuti pali njira ina yodalirika: lumikizani kamaikolofoniko ku foni yachiwiri, yatsani pulogalamu yojambulira mawu, tsekani sikirini, ndipo foniyo muiike m'thumba la mkati mwa jekete la mkwati kapena la mlaliki. Pa malumbiro mkwati ndi mkwatibwi amaima moyandikana, choncho maikolofoni imodziyo imatola onse awiri pamodzi ndi wodalitsa ukwatiwo. Pulogalamu yojambulirayo muitchere pa WAV, mtundu wa fayilo ya mawu osafinyidwa, ndi 48 kHz, chifukwa 48 kHz ndiwo muyezo wa mawu a kanema.

Mdani wathu wamkulu kuno ndi mphepo. Aliyense amene anaimapo pabwalo ku Bembeke kapena m'munsi mwa phiri la Dedza nthawi ya chiperoni akudziwa kuti mphepo yake siipuma, ndipo ikawomba pa maikolofoni imasiya kulirima kumene kumakwirira mawu onse. Kasiponji kamene kamabwera ndi maikolofoni kamangothandiza m'nyumba. Panja pamafunika chophimba cha ubweya wautali, ndipo ngati simunachipeze chogula, telala aliyense akhoza kukusokerani kathumba kakang'ono kuchokera ku nsalu yaubweya ya chidole chakale kapena ya kolala ya jekete la kaunjika. Kuwonjezera apo, wolankhulayo afulatire kumene mphepo ikuchokera kuti thupi lake liteteze maikolofoni, kapena mumuimike kuseri kwa khoma.

Pa madyerero a ukwati pamakhala masipika ndi mikisa, chipangizo chosakanizira mawu asanapite ku masipika, ndipo apa ojambula ambiri amalakwa poima pafupi ndi sipika poganiza kuti mawu amveka bwino. Zotsatira zake ndi mawu ong'ambika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Njira yabwino ndi kupempha mwaulemu woyendetsa zoimbirayo, mwambo usanayambe, kuti akupatseni mawu kuchokera pa mikisa, pa bowo lolembedwa Rec Out kapena Aux. Dziwani kuti mawu otuluka pamenepa ndi amphamvu kwambiri kuposa a maikolofoni, kotero mukawalowetsa molunjika pa bowo la foni amang'ambika. Pamafunika chojambulira mawu chokhala ndi bowo la Line In, kapena kachipangizo ka USB kolumikizira mikisa ku foni kapena ku laputopu. Ngakhale mutapeza mawu a pa mikisa, musazimitse maikolofoni ya pa kamera, chifukwa mikisa imangomva amene agwira maikolofoni ndipo siimva nthungululu, kuseka ndi kuwomba m'manja, zomwe ndizo moyo wa mwambowo.

Tsopano kukweza kwa mawu. Pa chojambulira chilichonse chabwino pamakhala kamzere kovina kosonyeza mphamvu ya mawu, ndipo pamwamba pake penipeni pamalembedwa 0 dB. Mawu a wolankhula azisewera cha pa -12 dB, ndipo akakweza kwambiri asapitirire -6 dB. Malo otsalawo ndi osungira zadzidzidzi, pakuti mlaliki amene anayamba monong'ona amafika pofuula, ndipo ng'oma ikalowa kapena amayi akaimba nthungululu kamzereko kamalumpha nthawi imodzi. Mawu akagunda 0 dB nsonga zake zimadulidwa, ndipo ali ngati ndiwo zopserera, zimene ngakhale muthiremo tomato wochuluka bwanji fungo lake silichoka. Mawu otsika pang'ono mungathe kuwakweza pokonza, choncho ngati mukukayika, tsitsani. Valani mahedifoni nthawi yonse imene mukujambula. Maso sangakuuzeni kuti chingwe chasomoka kapena kuti malaya akukhuza pa maikolofoni.

Phokoso limene mungathe kulichotsa ndi manja musalisiyire kompyuta. Jenereta ipite kuseri kwa nyumba pa chingwe chachitali, firiji ndi fani zizimitsidwe pa nthawi yofunsa munthu mafunso, ndipo ngati malowo ali m'mbali mwa msewu wa M1, lowani mkati kapena dikirani kuti galimoto zikuluzikulu zidutse n'kupempha wolankhulayo kuti abwereze chiganizocho. Mvula ikayamba kugwa pa malata palibe mankhwala ena koposa kusendeza maikolofoni pafupi ndi kamwa kapena kudikira kuti ikate. M'matchalitchi akuluakulu a njerwa ndi simenti mawu amagunda m'makoma n'kubwerera, ndipo apanso yankho lake ndi mtunda waufupi.

Pamalo aliwonse chitani zinthu ziwiri zazing'ono zimene zidzakupulumutseni pokonza. Choyamba, zojambulira zonse zikangoyatsidwa, imani pamaso pa kamera n'kuwomba m'manja kamodzi mwamphamvu, manjawo akuoneka. Chachiwiri, pemphani anthu kuti akhale chete masekondi 30 ndipo mujambule phokoso la malowo lokha.

Za makwaya ndinenepo padera, popeza ndiwo amatipatsa ntchito kawirikawiri. Ngati mukujambula kwaya ikuimba pomwepo, maikolofoni iime mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwawo, pamwamba pang'ono pa mitu ya a mzere woyamba, kuti isangotola munthu mmodzi wa mawu akuthwa, ndipo ng'oma ndi zisekese zikhale chapatali. Koma ngati nyimboyo inajambulidwa kale ku situdiyo ndipo mukungofuna zithunzi, tengani sipika yonyamula m'manja, iseweretseni nyimboyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza pa malo aliwonse amene mwasankha, ndipo oimbawo aziimbadi mokweza m'malo mongoyendetsa milomo, chifukwa khosi la munthu amene sakuimba limaonekera. Kujambula nyimbo yonse nthawi iliyonse kumaoneka kotaya nthawi, koma kumachititsa kuti zidutswa zonse zidzagwirizane mosavuta pa kompyuta.

Kutola zithunzi

Ganizani kaye kumene kanemayo akaonetsedwe. Wa pa TV ndi YouTube amajambulidwa foni itagona, pa muyezo wa 16:9, pamene wa TikTok ndi wa pa status amajambulidwa foni itaima, pa 9:16. Sankhani chimodzi ndipo musasinthe pakati pa mwambo. Kamera ikhale pa choimikira cha miyendo itatu nthawi ya zolankhula zazitali. Ngati mulibe, gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa pa mafoni ambiri kutero kumangokulitsa timadontho n'kuwononga chithunzi. Yendani ndi miyendo yanu mufike pafupi.

Kuwala kuzichokera kumbuyo kwanu kapena chapambali, n'kumagwa pa nkhope ya amene mukumujambula. Munthu woima kutsogolo kwa zenera lowala amasanduka mthunzi. Dinani ndi kugwiritsa chala pa nkhope yake pa sikirini mpaka foni itatseka focus, kumene ndi kuthwa kwa chithunzi, ndi kuwala, apo ayi chithunzi chizingowala ndi kuda nthawi iliyonse wina akadutsa. Pa ukwati pali vuto lapadera, loti diresi loyera limanyenga kamera kuti kwawala kwambiri, ndiye imadetsa chithunzi chonse mpaka nkhope ya mkwatibwi osaoneka. Tcherani kuwala motsatira nkhope, kenaka mutsitse pang'ono pokha kuti maluwa a pa diresi asafufutike. Dzuwa la masana limaika mithunzi m'maso, ndipo mthunzi wa pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali umasiya mawanga pankhope, choncho zithunzi za akwati n'zabwino m'mawa, chakumadzulo, kapena pakhonde. Mitambo ya chiperoni, ngakhale imabwera ndi mphepo yovutitsa mawu, imapereka kuwala kofewa kokomera khungu.

Chithunzi chilichonse muchigwire masekondi osachepera 10 osasuntha, ndipo muyambe kujambula chinthu chisanayambe n'kusiya chitatha. Pa chochitika chilichonse tengani chapatali choonetsa malo onse, chapakati choonetsa anthu kuyambira m'chiuno, ndi chapafupi choonetsa nkhope. Kenaka sakani tizithunzi tapambali: zala zikuvekana mphete, ndalama zikugwa m'lichero pa perekaniperekani, mapazi a ovina ngoma akuponda fumbi, amayi akuomola nsima kuseri, agogo akupukuta misozi. Tizithunzi timeneti ndi timene mudzaphimbire malo odula, ndipo sindinaonepo wojambula akudandaula kuti anatola tochuluka. Ngati makamera ali awiri, onse akhale mbali imodzi ya anthu amene akuyang'anizana, kuopa kuti pa kanema angaoneke ngati onse akuyang'ana kumodzi.

Kusamutsa ndi kusunga

Mukafika kunyumba, musanachite china chilichonse, koperani mafayilo onse pa malo awiri osiyana, monga pa laputopu ndi pa hard drive yapadera, ndipo khadi musaifufute mpaka mutatsegula mafayilowo n'kuona kuti akusewera. Samutsani ndi chingwe. Kanema wotumizidwa pa WhatsApp mwa njira wamba amafinyidwa n'kutaya ubwino wake, choncho mnzanu amene anajambula ndi foni yachiwiri akutumizireni ngati Document kapena abwere nayo foniyo. Tsegulani foda imodzi ya ntchitoyo, dzina lake liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, ndipo mkati mwake mukhale mafoda a zithunzi, mawu, nyimbo ndi zomalizidwa. Mukangolowetsa mafayilo m'pulogalamu musawasunthenso kapena kuwasintha mayina, chifukwa pulogalamuyo siimeza mafayilowo koma imangokumbukira pamene ali.

Pulogalamu yokonzera isankhidwe molingana ndi chipangizo chimene muli nacho. Pa foni pali CapCut, KineMaster ndi InShot, zomwe zimakwanira pa makanema aafupi, ngakhale zina zimadinda chizindikiro chawo pa kanema ngati simunalipire. Pa kompyuta, Shotcut ndi Kdenlive ndi zaulere kotheratu ndipo zimayenda pa laputopu wamba. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wamphamvu zedi, koma imafuna kompyuta ya RAM yokwana 16 GB kuti iyende bwino. Adobe Premiere Pro ndi yolipira mwezi ndi mwezi. Mapulogalamu obedwa amene amayenda pa mafulashi ndi bwino kuwapewa, pakuti nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo chimene chingatayike ndi ukwati wa munthu wina umene sudzachitikanso.

Pali msampha umodzi wa makanema a pa foni: mafoni ambiri amasinthasintha chiwerengero cha zithunzi pa sekondi pamene akujambula, ndipo pa kanema wautali izi zimachititsa kuti milomo ndi mawu ziyambe pamodzi koma zizisiyana pang'onopang'ono. Mukaona zimenezi, dutsitsani fayiloyo mu HandBrake, pulogalamu yaulere, mutasankha 25 ndi Constant Framerate. Ngati kompyuta ikudodoma poseweretsa, yatsani Proxy, kuti pulogalamu ipange timafayilo topepuka togwirira ntchito. Pomaliza idzabwerera yokha ku mafayilo enieni.

Kudula ndi kulumikiza

Tsegulani ntchito yatsopano ndipo muitchere pa 1920 ndi 1080, zithunzi 25, musanaikemo kanthu, chifukwa mu DaVinci Resolve chiwerengero cha zithunzi cha timeline, malo amene mumayalapo zidutswa za kanema ndi mawu, sichisinthikanso mukangoikapo kanema. Sungani ntchitoyo pomwepo ndi Ctrl ndi S, ndipo chala chizolowere kutero mphindi zingapo zilizonse, popeza magetsi sachenjeza akamazima.

Gawo loyamba ndi kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi. Ikani kanema pa mzere wake ndi mawu a chojambulira chachiwiri pa mzere wapansi, kulitsani timeline mpaka mafunde a mawu aoneke bwino, ndipo fufuzani kansonga kakuthwa ka pamene munawomba m'manja. Sendezani mawuwo mpaka kansonga ka pa mizere yonse kakhale pamodzi ndi chithunzi chimene manja akugundana. Seweretsani mizere yonse iwiri: mukamva ngati mawu akubwerezeka, ndiye kuti simunafike. Zikagwirizana, mangani zidutswazo pamodzi kuti zisasiyanenso, ndipo yang'ananinso milomo kumapeto kwa fayiloyo.

Kenaka onerani zonse zimene munajambula, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muli ndi kope m'manja. Gawo limeneli ambiri amalidumpha, ndipo n'chifukwa chake amasiya kunja mphindi zokoma n'kuikamo zozizira. Mabatani a J, K ndi L amabweza, kuimitsa ndi kupititsa patsogolo, pamene I ndi O amaika chizindikiro pa chiyambi ndi pa mathero a chidutswa chimene mwasankha. Ndandalikani zidutswazo motsatira nkhani popanda kusamala za kukongola, ndipo mukatha bwererani kuchiyambi n'kuyamba kuchotsa: pamene kamera inkafunafuna munthu, pamene wolengeza ankayesa maikolofoni, pamene anthu ankangodikira. Chidutswa chilichonse muchifunse ngati chikuuza woonera chinthu chimene sanachione kale.

Mukadula pakati pa zolankhula za munthu, mutu wake umaoneka ngati walumpha. Phimbani malowo ndi kachithunzi kapambali ka masekondi atatu kapena anayi pa mzere wapamwamba, mawu akupitirira pansi. Luso lina losavuta ndi kulola mawu a gawo lotsatira kuyamba sekondi imodzi kapena awiri chithunzi chake chisanafike, mwachitsanzo kwaya iyambe kumveka tidakali kuona anthu akulowa m'tchalitchi. Woonera samva n'komwe kuti padulidwa. Zosinthira zithunzi zozungulira, zophulika ndi zotembenuka ngati tsamba zisiyeni. Kudula kwachindunji kumakwanira pafupifupi paliponse, ndipo kusungunula chithunzi kulowa m'chinzake kusungidwire posonyeza kuti papita nthawi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene si cha luso koma cha chikumbumtima. Amene akudula mawu a munthu ali ndi mphamvu yomunenetsa zimene sananene. Malangizo a ankhoswe, mawu a amfumu kapena pemphero mungathe kuzifupikitsa, koma osalumikiza theka la chiganizo ichi ndi theka la chiganizo icho mpaka tanthauzo kusintha. Pa ukwati ndi bwino kupanga makanema awiri, wautali wosunga mwambo wonse wa banjalo, ndi waufupi wa mphindi zitatu kapena zisanu wotumiza kwa abale amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Kuyeretsa mawu

Pa ntchito imeneyi pulogalamu ya Audacity, yomwenso ndi yaulere, imathandiza kwambiri. Tsegulani fayilo ya mawu, sankhani masekondi angapo a phokoso lokhalokha lija munajambula anthu ali chete, pitani ku Effect ndi Noise Reduction, ndipo dinani Get Noise Profile. Kenaka sankhani fayilo yonse, bwererani komweko, ndipo yambani ndi kuchotsa pakati pa 6 ndi 12 dB, mukumvera ndi Preview. Musachite dyera pamenepa, pakuti mukachotsa kwambiri munthu amamveka ngati akulankhulira m'madzi, ndipo phokoso lochepa lachilengedwe n'labwino kuposa zimenezo. Njirayi imagwira pa phokoso losasintha monga la fani kapena jenereta yakutali. Tambala, mwana wolira ndi hutala ya minibasi sizichoka nayo.

Mukatero ikani High-Pass Filter cha pa 80 mpaka 100 Hz kuti ichotse kulirima kwa mphepo ndi kugunda kwa mapazi, koma pa zolankhula zokha, chifukwa pa nyimbo ingadye ng'oma ndi mawu a besi. Ngati mukumva kulira kosalekeza kochokera ku mawaya a magetsi, Notch Filter ya pa 50 Hz imakuchepetsa. Compressor yotcheredwa cha pa 3:1 imayandikizitsa mawu onong'ona ndi ofuula, ndipo pomaliza Normalize ikweze zonse mpaka -1 dB. Chenjezo n'lakuti mu Audacity musadule kapena kufupikitsa fayiloyo, kuti mukaibwezera pa timeline igwere pamalo ake enieni.

Pa malo aliwonse amene mwadula mawu ikani kusungunula kwakufupi kwambiri kuti pasamveke kuthetheka, ndipo pamene patsala mpata wopanda mawu tsekanipo ndi phokoso la malo lija, chifukwa chete weniweni wa kompyuta amadzidzimutsa khutu. Nyimbo yapansi pa zolankhula itsike ndi pafupifupi 20 dB poyerekeza ndi wolankhulayo. Samalaninso za umwini wa nyimbo: Facebook ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu a kanema amene muli nyimbo ya eni, ndipo kuno kwathu za umwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Pemphani chilolezo kwa woimbayo, kapena tengani nyimbo zololedwa mu Audio Library ya YouTube. Mukamaliza mverani pa mahedifoni, kenaka pa kasipika ka foni, popeza ambiri mwa oonera anu adzamvera pamenepo.

Mitundu ndi zolemba sizifuna zambiri. Konzani kuwala koyamba, kenaka onetsetsani kuti choyera chikuoneka choyeradi, osati chachikasu kapena chabuluu, ndipo zidutswa za makamera awiri zifanane. Zosefera zoyeretsa khungu zipeweni. Anthu aoneke mmene alili. Mayina ndi maudindo olembedwa pa kanema muwatsimikize kwa eni mwambo chilembo ndi chilembo, alembedwe ndi zilembo zazikulu zosavuta kuwerenga, ndipo asafike m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi pamene TV zina zimadula.

Kutulutsa kanema

Pa Export sankhani MP4, zithunzi za H.264 ndi mawu a AAC pa 48 kHz, chifukwa zimenezi zimasewera pafupifupi pa foni ndi TV iliyonse, pamene H.265 imakanika pa zipangizo zakale. Kwa kanema wa 1080p YouTube imalangiza 8 Mbps (Mbps ndi muyezo wa deta imene kanema amadya pa sekondi), zomwe ndi pafupifupi 60 MB pa mphindi, kotero kanema wa ola limodzi amakwana 3.6 GB. Chiwerengerochi n'chofunika, pakuti fulashi yokonzedwa pa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo, siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, pamene TV zina zakale siziwerenga exFAT, njira yatsopano imene imalola mafayilo akuluakulu. Ngati kanemayo ndi wautali kuposa apo, mugaweni pawiri, gawo la kutchalitchi ndi gawo la ku madyerero. Wotumiza pa WhatsApp mutulutseni padera pa 720p ndi 2 kapena 3 Mbps, kuti asamalize bandulo ya olandira.

Kutulutsa kanema wautali kumatenga nthawi ndipo kumadya batire, choncho yambani laputopu ili yodzaza ndi moto komanso ili pamalo opita mphepo. Fayilo ikatuluka ioneni yonse osadumpha, mukuyang'ana malo akuda amene anatsala pakati pa zidutswa, dzina lolakwika, kapena pamene mawu asiyana ndi milomo. Kenaka ikani pa fulashi, muiyese pa TV yeniyeni musanakapereke, ndipo mugwirizane ndi eni ake kuti mafayilo oyambirira mudzawasunga miyezi ingati asanafufutidwe.